Inshuwalansi Yakana Mlangizi Yekhayo Amene Amuna Anga Anamutsegulira Mtima

Aphungu,

Tsamba lanu ndakhala ndikuliwerenga pa foni chichokereni kumudzi, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ineyo. Koma ndafika posowa womuuza. Amalawi kuno ku Nairobi ndife ochepa, timadziwana tonse, ndipo nkhani ukauza mmodzi Loweruka, Lamulungu umaipeza itakudikira pakhomo la tchalitchi. Mayina a anthu ndasintha, koma zina zonse ndi mmene zilili.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Sungeni. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Gigiri, ndipo timakhala mu flati ku Pangani. Pamene ntchitoyi inkapezeka, amuna anga, bambo a Sungeni, anali mphunzitsi wa zaulimi pa sekondale ina ku Ntcheu. Analinso wotsogolera kwaya ku tchalitchi kwathu, munthu woti akamadutsa pamsika njira yaifupi inkatalika chifukwa cha moni. Ndi iwo amene anandilimbikitsa kuti ndivomere. Anati, "Pitani, mayi a Sungeni, ife tikutsatani. Choko sichitha, ndidzachipeza." Anasiya ntchito n'kubwera.

Kuno chilolezo chawo ndi chokhalira basi, osati chogwirira ntchito. Anayesa kufunsira m'masukulu angapo, koma kulikonse yankho linali lomwelo. Chaka choyamba anapirira. Ankaperekeza mwana kusukulu, kukagula ndiwo kwa amayi ogulitsa masamba pakona, mpaka Chiswahili anachidziwa kundiposa ine. Alonda a pageti ankawatchula kuti "bwana wa madam", kutanthauza mwamuna wa madam, iwo n'kumaseka. Inenso ndinkaseka, osadziwa kuti mawuwo akuwadya m'kati.

Chaka chatha apongozi anga, amayi awo, anamwalira mwadzidzidzi ku Tsangano. Nthawi imeneyo pasipoti ya bambo a Sungeni inali itatha, tikudikira yatsopano. Tinathamanga uku ndi uku kufuna chikalata choyendera, koma kwathu maliro sadikira munthu. Mwambo wonse anauonera pa foni imene mng'ono wawo, alamu anga a Nicholas, anaitukula pakati pa anthu. Bokosi likutsikira m'manda, netiweki inaduka. Amuna anga anakhala pampando chigwirire foni, osalira. Kenako anaimirira n'kukatsuka mbale.

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anayamba kuzima pang'onopang'ono. Kuimba analeka. Makatani sankafuna kuti atsegulidwe. Kusamba mpaka ndiwakumbutse. Ndikaweruka ndinkawapeza pomwe ndinawasiya, tiyi wam'mawa akadali pa tebulo. Tsiku lina aphunzitsi a Sungeni anandiimbira kuti ana onse apita, wanga yekha watsala pageti. Ndinatuluka mu msonkhano n'kukwera boda boda, kabaza wa njinga yamoto. Titafika kunyumba ndi mwana, tinawapeza atakhala pansi m'khonde la kubafa, atavala nsapato imodzi. Anati, "Ndinanyamuka ndithu, mayi a Sungeni. Kungoti sindikudziwa kuti ndinathera pati."

Kumudzi ena akuti analodzedwa, ena akuti mzimu wa amayi wakwiya poti mwana wawo woyamba sanaponye dothi. Abusa anabwera kudzapemphera, tinathokoza, koma atachoka amuna anga anabwerera pampando pomwe paja. Amalawi anzathu akakumana ku Karen kwa mkulu wina amene amatiitana pa zikondwerero, ndimapita ndi mwana yekha. Akafunsa ndimati bambo kuthamanga kwa magazi kwawavuta. Bodza limeneli ndalinena mpaka landizolowera pakamwa.

Amene anandiuza mosabisa ndi mnzanga Joanna, Mmalawi amene akuchita maphunziro a unamwino kuno. Anabwera kudzacheza, anawayang'ana, ndipo pondiperekeza kukhitchini anati, "Achemwali, awa si ulesi, si ufiti. Awa ndi matenda ovutika maganizo, ndipo ali ndi anthu ake owadziwa." Anandipatsa nambala ya bambo ena a konkuno ku Kenya, a Wekesa, amene amapereka uphungu m'kachipinda kena pamwamba pa famase, kufupi ndi kwathu. Ndi munthu wachikulire, nawonso anali mphunzitsi kale.

Kuti amuna anga avomere kupita, ndinachita kugwada. Ankati mwamuna sakhuthula za kukhosi kwa mlendo. Anapita pongofuna kuti ndileke kulira. Koma atabwerako anapempha chakudya. Ulendo wotsatira anapita okha, wapansi, osakumbutsidwa. Zimene ankakambirana sindikuzidziwa, sindinafunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lina ndinawapeza akulira, kulira kwenikweni, koyamba chimwalirireni amayi awo. Sabata yomweyo anatola zidebe zakale n'kubzala mpiru pakhonde. Anayambanso kukatenga mwana kusukulu. Anandiuza kuti, "Bambo aja sandiuza kuti ndilimbe mtima. Amangondifunsa kuti amayi anali munthu wotani."

Apa ndiye pakubwera vuto langa. Kuntchito tili ndi inshuwalansi ya zachipatala, ya ine ndi banja langa. M'kabuku kamene anatipatsa polowa ntchito munalembedwa kuti matenda a maganizo amalipiranso. Choncho ndinkalipira ndekha kwa a Wekesa n'kumasunga malisiti, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti adzandibwezera. Nditatumiza, yankho linabwera la mzere umodzi: wopereka chithandizoyu sali m'gulu la amene timalipira.

Ndinaimba foni ku kampaniyo. Mtsikana amene anayankha anapepesa m'Chiswahili nati, "Pole sana, madam," n'kundifotokozera kuti iwo amalipira dokotala wa matenda a maganizo, uja amalemba mankhwala, komanso sayikolojisiti wa kuchipatala, bola akhale pa mndandanda wawo. Mlangizi wamba ayi. Nditaimbanso tsiku lina anayankha mnyamata. Iye anati mlangizi amamulipira ndithu, pokhapokha dokotala atayamba walemba kalata yotumiza wodwalayo kumeneko, iwonso atavomereza chithandizo chisanayambe. Wina anati za uphungu sizidutsa kwa iwo n'komwe, zili ndi ndondomeko ina ya kuntchito kwathu, ndipo sakudziwa ngati imakhudza amuna kapena akazi a ogwira ntchito. Kampani imodzi, aliyense yankho lake. Ine kusukulu ndinapita, Aphungu, malipoti a Chingerezi ndimalemba tsiku ndi tsiku, koma mpaka lero sinditha kukuuzani kusiyana kwa anthu amenewa, kapena kuti a Wekesa ali mbali iti. Kwa ine onsewa ndi anthu omvetsera munthu wosweka mtima.

Ndinati mwina ndingotsata zimene akufuna. Ndinasankha dokotala wa pa mndandanda wawo, ku chipatala china chachikulu, ndipo bambo a Sungeni anavomera monyinyirika. Pofikira alendo anafunsa kuti mwini khadi ya inshuwalansi ndani. Ndinati ndine. Mayi wa pamenepo analoza amuna anga ndi cholembera, nati, "Ndiye awa ndi odalira inu?" Anthu anali pamzere, akumva. Kenako anati tidikire nambala yachinsinsi imene ibwere pa foni yanga, ndiiwerenge kuti awalole kulowa. Nambalayo inachedwa. Amuna anga anaima pambali panga manja ali kumbuyo, ngati mwana wasukulu wodikira chilango. Dokotalayo sindikumunena, anali waulemu, koma panja anthu anali ambiri. Anafunsa mafunso ake, analemba mankhwala, nati tidzabwerenso pakatha mwezi. Tinabwerera pa takisi. Titayandikira kwathu amuna anga anati chapansipansi, "Ndiye kuti ngakhale misozi yangayi izidikira kaye foni yanu ilire?"

Kwa dokotala uja sanabwererenso. Mankhwala ali mu dirowa, osatsegula. Ndinati chabwino, apitirize kwa a Wekesa, ndizilipira ndekha, tichepetse zina. Koma tsiku lina anandimva ndikudandaula pa foni kwa mkulu wanga kuti lendi, fizi ya mwana ndi zotumiza kumudzi zandifika m'khosi, kuwonjezanso izi. Sindinadziwe kuti ali pakhonde. Tsiku lawo lopita litakwana sanavale. Anati, "Sindingadye sukulu ya mwana wanga chifukwa chofuna kucheza." Ndinawachonderera, osatheka. A Wekesa aimba kangapo, amuna anga foni sakuyankha. Mpiru uja unauma m'zidebe momwemo. Sungeni wayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba mwake momwe, ndipo akafuna kuseka amayamba wayang'ana kuchipinda.

Tsopano zafika pena. Lamulungu lapitali masana ndikuyanika zovala, anabwera n'kuima pakhomo. Anayankhula mofatsa, ngati akunena za nyengo: "Inu ndi Sungeni mukhoza kukhala bwino popanda mtolo ngati ine. Mwaona kale kuti zonse mumakwanitsa nokha." Ndinawakalipira kuti asamayankhule zopusa. Anangomwetulira. M'mawa mwake popita kuntchito ndinaona mlonda wa pageti atavala jekete lawo lakuda, limene ankavala potsogolera kwaya pa masiku akuluakulu. Mlondayo anandithokoza kwambiri, nati bwana am'patsanso nsapato.

Ndikakhala mu ofesi mtima umakhala ku Pangani. Ndimaimba kunyumba popanda chonena, kungofuna kumva kuti ayankha. Kukafunsa kwa oona za ogwira ntchito ndikuopa. Kontirakiti yanga ikutha miyezi ikubwerayi, ndipo mabungwe akuchepetsa anthu. Nanga akamva kuti kunyumba kwanga kuli vuto lotere? Komanso amuna anga anandilumbiritsa kuti dzina lawo lisalembedwe paliponse pamodzi ndi mawu oti misala.

Mnzanga wina wa kuntchito akuti akudziwa kakiliniki kamene kangandilembere malisiti ngati kuti amuna anga amaonana ndi dokotala wa kumeneko, ine n'kumatenga ndalamazo kukapereka kwa a Wekesa. Akuti ambiri amatero. A Nicholas akuti amuna anga ndingowatumiza kumudzi, akapume mpweya wa kwawo. Mwina akunena zoona. Koma akakhala ndi ndani, m'nyumba ya amayi awo yopanda amayi awo?

Aphungu, ndatopa, ndipo nzeru zandithera. Ndingadziwe bwanji zoona zenizeni za amene inshuwalansi imalipira ndi amene siilipira? Kodi pali njira yoti alipire munthu yekhayo amene amuna anga anamutsegulira mtima? Za malisiti zija nditsate? Ndiwatumize kumudzi? Khadi ndili nayo m'chikwama, anthu amati ndi ya inshuwalansi yapamwamba, amandisirira. Koma munthu wanga akutha ndikuona.

T.K., Pangani, Nairobi

Mayi T.K.,

Pepani ndi maliro a apongozi anu, pepaninso ndi zonse zimene mwasenza nokha m'dziko la eni. Mwafunsa za inshuwalansi ndipo ndiyankha, koma ndiyambe ndi zimene mwaziika chakumapeto, chifukwa ndi zimene zandichititsa nthumanzi.

Munthu wovutika maganizo akayamba kunena kuti mukhala bwino popanda iye, n'kumagawa zovala zake za pamtima, ameneyo sakuyankhula zopusa. Kawirikawiri amakhala akutsanzika. Za mumtima mwa amuna anu sindingazidziwe ndili kuno, koma izi si zodikira yankho la kampani. Lero lomwe, mwana akakhala kulibe, khalani nawo pansi muwafunse mosazungulira: "Bambo a Sungeni, kodi mukuganiza zodzipha?" Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera pakamwa pa Mmalawi. Ambiri timaopa kuti tikafunsa tim'patsa munthu nzeru yoipa. Odziwa za matendawa amati si choncho: ganizolo ngati lilipo, lilipo kale, ndipo funso limangomupatsa mpata wotula chimene wakhala akuvutika nacho yekha. Akayankha musakalipe, musalalikire, musawaopseze ndi gehena. Ingomverani.

Mankhwala ali mu dirowa aja achotseni musunge inu, pamodzi ndi china chilichonse m'nyumbamo chimene munthu angadzivulaze nacho. Masiku ano asamatsale okha. Pemphani tchuthi kuntchito. Kunena kuti kunyumba kuli matenda n'kokwanira, dzina la matendawo mabwana safunika kulidziwa. Joanna waonetsa kale kuti ndi wanzeru, muuzeni zonse kuti muzisinthana. A Wekesa aimbireni inuyo, muwauze mawu a Lamulungu aja ndi za jekete. Iwo sangakuuzeni zimene ankakambirana ndi amuna anu, koma za kwa inu akhoza kumva, ndipo akudziwa chochita. Amuna anu akavomera kuti ganizolo lilipo, makamaka ngati aganizira kale njira yake, pitani nawo nthawi yomweyo ku chipatala chapafupi, ku mbali ya odwala mwadzidzidzi. Za amene alipire mudzakangana pambuyo.

Tsopano za inshuwalansi. Kusokonezeka kwanu n'komveka, poti anthuwa ntchito zawo zimafanana koma mapepala awo ndi osiyana, ndipo kampani imayang'ana pepala. Dokotala wa matenda a maganizo ndi dokotala wa kuchipatala, anaphunzira zamankhwala, ndipo ndi amene amalemba mankhwala. Sayikolojisiti anaphunzira za maganizo a munthu kuyunivesite ndipo amachiza pokambirana. Nawonso ali m'magulu, ena ndi a kuchipatala, ena ndi a uphungu. Ndiye pali alangizi, ena a maphunziro ozama ndi chiphaso cha boma, ena a kosi ya miyezi yochepa ku tchalitchi. Kampani ina imalipira onse ovomerezeka, ina imasankha, ina imafuna kalata ya dokotala kaye. Lamulo limodzi la onse palibe. Chimene chimagamula ndi mgwirizano umene bungwe lanu linasainirana ndi kampaniyo, ndipo kabuku kokongola kaja si mgwirizanowo ayi.

Choncho lekani kuimba foni. Mawu a pa foni amauluka, ndipo mwaona nokha kuti aliyense akuyankha za m'mutu mwake. Alembereni, mupemphe mgwirizano wonse, ndipo muwauze kuti ayankhe molemba, akuonetseni ndime imene akuimirapo. Afunseni kuti ndi akatswiri a mayina ati enieni amene amalipira, ndipo amafuna chiphaso chanji. Afunseni ngati amabweza ndalama munthu akapita kwa wa kunja kwa mndandanda wawo, kaya zonse kaya gawo. Funsaninso ngati kalata ya dokotala ingasinthe yankho, ngati chilolezo chawo chimafunika chithandizo chisanayambe, komanso kuti pachaka amalola maulendo angati. Musasiye funso limene likukuvutitsani kwambiri: dzina la matenda amaliona ndani, ndipo bungwe lanu limauzidwa chiyani? Nthawi zambiri mabwana sauzidwa matenda a munthu, koma musadalire mawu anga, auzeni akulembereni.

Mukamayankhula ndi a Wekesa, zoopsa zija mutathana nazo, afunseni funso limene simunawafunse: mapepala awo amati iwo ndi ndani? Ku Kenya kuli bungwe la boma limene limalembetsa alangizi ndi akatswiri a zamaganizo. Ngati analembetsa, ali ndi nambala. Zimachitika kuti munthu ndi wokwanira bwino, mwinanso ndi sayikolojisiti wa uphungu, koma pa lisiti pangodindidwa mawu oti mlangizi, popanda nambala, wowerenga malisiti ku kampani n'kukana osayang'ana kawiri. Sindikulonjeza kuti ndi mmene zilili kwa inu. Koma safunsa anadya phula, ndipo funsoli silikudyerani kanthu.

Dokotala uja musamutaye. Iye ndi a Wekesa si opikisana, ndipo pamene matenda afikapa amuna anu akhoza kufunika onse awiri, wa mankhwala ndi wa kukambirana. Bwererani kwa iye mwamsanga, musadikire mwezi uja. Mumuuze kuti mankhwala sanamwe ndi chifukwa chake, mumuuze za Lamulungu, ndipo mupemphe kalata yonena kuti wodwalayu anayamba kupeza bwino kwa a Wekesa. Ndi kalata imeneyo pamodzi ndi nambala ya chiphaso cha a Wekesa ija, chitani apilo. Pemphani kuti a Wekesa awalole ngakhale pa wodwala mmodzi yekhayu. Makampani ena amafewa dokotala akalemba. Kuntchito kwanu mukhoza kufunsa osatchula munthu: "Kodi ndondomeko ya uphungu imakhudzanso mabanja athu?" Funso limeneli wogwira ntchito aliyense akhoza kulifunsa, silinena za nyumba ya munthu.

Ndisakunamizeni, mukhoza kuchita zonsezi iwo n'kukanabe. Zikatero kambiranani ndi a Wekesa za mtengo wotsikirapo kapena maulendo otalikirana. Apo ayi, iwo eni asankhe mnzawo wa pa mndandanda amene amamukhulupirira, n'kupereka amuna anu m'manja mwake pang'onopang'ono, osati kungowadula.

Chinanso, chimene chinabaya amuna anu si matenda okha. Munthu amene ankaima kutsogolo kwa kalasi ndi kwaya, kulozedwa ndi cholembera pagulu, zimawawa. Pemphani kampani iwapatse khadi yawoyawo, ndipo ngati n'kotheka nambala yachinsinsi izipita pa foni yawo. Muwauze ndi pakamwa panu, osati kamodzi kokha, kuti inshuwalansiyo si chifundo chanu. Anailipira ndi ntchito imene anasiya ku Ntcheu kuti inu mugwire yanu. Za kudandaula kwanu pa foni kuja musadziweruze, munthu wotopa amadandaula. Koma auzeni kuti munkadandaula za kampani, osati za iwo.

A Nicholas akufuna zabwino, koma munthu wodwala chonchi satumizidwa yekha ngati katundu wa pa basi. Manda a amayi awo ayenera kukawaona, zimenezo n'zofunika ndithu, koma mudzapite limodzi, dokotala atavomereza, n'kubwerera limodzi. Pakali pano alamu anuwo auzeni zoona zonse. Aziimba pafupipafupi, osati kudzalangiza, kungocheza ndi mkulu wawo. Sungeni nayenso muuzeni m'mawu a msinkhu wake kuti bambo akudwala, akuthandizidwa, ndipo iye sanalakwe kanthu. Inunso mukufunika wokumverani. Mukamafunsa za uphungu kuntchito, mudzifunsirenso nokha.

Malisiti abodza aja musawayandikire. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo chikadzaululika mukhoza kutaya ntchito, inshuwalansi ndi chilolezo chokhalira cha banja lonse pa tsiku limodzi, mnzanu wokulangizani uja ali phee pa desiki pake.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Amuna anu mukadzawaona mwadzidzidzi apepukidwa, akumwetulira, akulongedza zinthu zawo mwadongosolo, akuimbira achibale amene sanawayankhule kwa nthawi yaitali, musafulumire kuthokoza kuti achira. Nthawi zina munthu amapepukidwa chifukwa watsimikiza mtima. Tsiku limenelo musapite kuntchito.

Aphungu